Belu M'buluku la Wailesi

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona mu kabala kena kopanda chikwangwani, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo inabadwa chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi. Munthuyo anzake ankamutcha Wailesi, poti akayamba kuyankhula panalibe pozimitsira. Pa botolo loyamba ankakamba za mpira, pa lachiwiri za ndale, koma likafika lachitatu nkhani inkatsala imodzi basi: mwana wake wamkazi, amene ankaphunzira pa sukulu ya zaumoyo wa anthu kuseri kwa msika. Mtsikanayo anali atatopa nako kuwauza bambo ake kuti iye sadzakhala dokotala, kuti ntchito yake ndi ya zitsime, zimbudzi ndi katemera, yoti anthu asadwale n'komwe. Wailesi ankangogwedeza mutu, n'kumamutchabe Adokotala.

Tsiku limenelo anali ndi anzake awiri a ku ntchito. Ntchito yake musafunse kwambiri. Inali ya manja, ndipo eni katundu sankauzidwa. Mkulu wa gululi anali Mapulani, munthu wowonda wa magalasi opanda mphamvu, amene ankawavala kuti azioneka woganiza. Mapulani anali asanapangepo pulani yomwe inatha bwino, koma wolakwa nthawi zonse ankakhala mvula, galu kapena Dramu. Dramuyo ndiye anali wachitatu, chimunthu chachikulu chofatsa, chimene chinalowa umbava chifukwa ntchito zina zonse zinkafuna kudzuka m'mamawa.

Wailesi anawauza kuti Loweruka likudzalo sukulu ya mwana wake ikwanitsa zaka makumi asanu, kudzakhala chikondwerero cha dzaoneni, ndipo mwa ophunzira onse asankha Adokotala kuti adzayankhule pamaso pa alendo. Anawauzanso za belu lakale la m'manja, limene aphunzitsi oyamba ankayenda nalo m'midzi poitanira anthu ku katemera. Belulo alitulutsa m'sitolo, alipukuta, ndipo lidzaikidwa pa tebulo pakhonde kuti mlendo aliyense adzalize kamodzi. Anzakewo sankamvetsera. Dramu ankatokosa m'mano, Mapulani ankathamangitsa ntchentche pa botolo. Tsono Wailesi sankapirira kuyankhula kwa anthu osadabwa, ndiye anathirako mchere. Belulo, iye anati, ndi lagolide lokhalokha, mpaka kalilime kake.

Mapulani anavula magalasi, n'kuwavalanso. Anasesa zitsekerero za mabotolo kuti zibwere pakati pa tebulo: ichi ndi geti, ichi ndi khonde, ichi ndi belu, ndipo chophwanyikachi ndi Dramu. Adzalowa masana poyera, atavala masuti, ngati anthu amene anaphunzira pasukulupo kalekale. Pa chikondwerero chotero palibe amene amadziwa mnzake, ndipo aliyense amachita manyazi kufunsa. Anamaliza ndi kunena kuti dilu yophweka chonchi sinaonekepo chiyambire.

Mowa unamuthera m'mutu Wailesi nthawi yomweyo. Anayesa kubwerera m'mbuyo, akuti mwina si golide yense, mwina anangomva molakwika.

"Aise, wayamba umbombo eti?" anatero Mapulani akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukufuna ukalidye wekha?"

Kunena kuti wanama pamaso pa anzake, Wailesi sakanatha. Ndi matenda amene anabadwa nawo. Koma mtima unali utagwa. Kunyumba mwana wake ankadziwa kuti bambo ake amagula ndi kugulitsa zitsulo zakale, ndipo iye ndi mkazi wake analisamala bodza limeneli chiyambire mwanayo kuyankhula. Apolisi sankamuopsa kwenikweni. Ku polisiko anagonako kangapo, mkazi wake n'kumauza mwana kuti bambo apita kutali kukapikula katundu. Chimene Wailesi ankaopa pa dziko lonse lapansi ndi choti mwana uja adzadziwe. Choncho anavomera, koma anati iye adzavala masiki ndi chipewa, ndipo adzatuluke zoyankhula zisanayambe. Mapulani anati zimenezo n'zing'onozing'ono, n'kuitanitsa mabotolo ena.

Loweruka m'mawa mtsikanayo anaima pakhomo atavala diresi lake loyera, n'kuwapemphanso bambo ake komaliza. Anati ngakhale kungoima kumbuyo kwenikweni, chifukwa wakonza chinachake chimene sanauze munthu, choti alendo akadabwe nacho. Wailesi anayang'ana m'kapu ya tiyi, n'kunena kuti pali chitsulo china chofunika kukachiona lero lomwe. Mwanayo anati palibe kanthu, akumvetsa, n'kumapita. Mkazi wake ndiye anangomuyang'ana mpaka tiyi anamuwawa.

Pa geti la sukulu panali nsalu zamitundumitundu, nyimbo, ndi ndowa za madzi zokhala ndi mipopi pafupifupi pa khomo lililonse. Atatuwo analowa mondondozana. Mapulani anali patsogolo, chifuwa chili patsogolo pake. Dramu anavala suti imene inkamumanga m'khwapa, ndipo Wailesi anabwereka buluku la mlamu wake, lalikulu loti n'kulowamo anthu awiri. Masiki yake ndiye inamutengera ulemu: mtsikana wolandira alendo anamuyamikira kuti ndi chitsanzo chabwino, n'kuwauza ena kuti atengere kwa bambo amenewa.

Asanayende patali anagwidwa ndi Apulofesa, nkhalamba yopuma pa ntchito imene inaphunzitsa pasukulupo kuyambira pachiyambi. Maso awo anali atafooka, koma ankakumbukira aliyense, ngakhale amene sanamuonepo. Anamukumbatira Mapulani n'kunena kuti akumukumbukira bwino kwambiri, ndi uja ankagona m'kalasi. Mapulani anavomera mwaulemu. Atafunsidwa komwe akugwira ntchito masiku ano, anayankha kuti ndi mkulu woona za udzudzu m'chigawo chonse, ndipo udzudzu ukamva dzina lake umasamuka. Apulofesa anakondwa kwambiri, n'kuwakokera kuseri kwa makalasi kuti akaone zimbudzi zachitsanzo zimene sukulu yamanga m'zaka zonsezi, kuyambira cha udzu mpaka cha masiku ano cha paipi yotulutsa mpweya. Anamuumiriza Mapulani kuti alowetse mutu pa dzenje aone mmene kuwala kumakokera ntchentche kumwamba. Mapulani analowetsa, n'kutuluka akunena kuti n'zapamwamba zedi.

Atapulumuka kumeneko anagwera mu tenti yoyezera anthu mwaulere. Namwino wamkulu, mayi wa mawu achitsulo, atangomuona Dramu anamuloza pa sikelo osamufunsa n'komwe. Anayang'ana singano ya sikelo, anayang'ana mwiniwake, n'kumuuza kuti achepetse mchere, mafuta, shuga ndi mowa, kapena kuti zonse zimene Dramu ankakhalira ndi moyo. Anamuuzanso kuti asachoke pasukulupo asanamuonenso.

Belu analipeza pakhonde monga ananenera Wailesi, pa tebulo la nsalu yoyera, likunyezimira moti mwiniwake wa bodza anayamba kudzikhulupirira. Alendo ankabwera, kuligwira, kuliza kamodzi, n'kumaseka ngati ana. Atatuwo anaima chapatali n'kumayerekeza kuwerenga zithunzi za pakhoma zoonetsa njoka za m'mimba. Mwayi wawo unafika pamene galimoto ya mlendo wolemekezeka inalowa pa geti. Khamu lonse linathamangira komweko, khonde n'kutsala mbee.

Apa mpamene Mapulani anazindikira kuti pa zitsekerero zake zonse zija panalibe chimene chinamukumbutsa kuti belu limalira. Atangolinyamula linati ngwe, onse atatu n'kuuma ngati zitsa. Mwachangu anamulamula Dramu kuti avule sokosi. Anaifinyira m'kati mwa belu osayang'anamo n'komwe, poti fungo lake silinkalola munthu kuyandikiza nkhope. Kenako analilowetsa m'malaya a Dramu, kunena kuti pa mimba yotero palibe angaone kusiyana.

Namwino uja anaona. Anawadulira kutsogolo pafupi ndi tenti, n'kumugwira Dramu pa mkono kuti tiyeni, ndinati ndikuoneninso. Dramu atakwera pa sikelo singano inadumpha, namwino n'kutsitsa magalasi ake. Anamutsitsa, anamenya sikelo ndi phazi, anamukwezanso. Anaitana anzake awiri kuti adzaone munthu amene wanenepa m'mawa umodzi wokha. Atagogoda pa mimba ndi chala, mimba inayankha kuti gu, ngati poto wovundikira. Dramu thukuta lili kamukamu anati mwina ndi mpweya. Namwino anati mpweya wotero sanauonepo chiyambire ntchito, ndipo munthuyu agone pa bedi avule malaya. Mapulani analowerera, akuti ameneyu ndi wodwala wake, matendawa amawadziwa, amabwera ndi udzudzu wa mtundu wina. Anamukoka Dramu kupita naye kuseri kwa tenti, namwino akukuwa kuti amubweze.

Kumeneko belu linasamukira kumsana kwa Mapulani, m'kati mwa jekete, atalipanikiza pa lamba. Anayenda pang'ono chabe, n'kukumana maso ndi maso ndi Apulofesa. Nkhalambayo, imene sinkatha kusiyanitsa nkhope za anthu, linunda inaliona bwinobwino. Inati m'mawa silinalipo, ndipo chotupa chokula msanga chotero inachiwerengapo m'buku koma sinachionepo ndi maso. Inawapempha kuti aime pomwepo ikaitane ophunzira a chaka chomaliza adzaphunzirirepo. Itangotembenuka, atatuwo analiyatsa liwiro mpaka m'chimbudzi, chenicheni tsopano, n'kudzitsekera m'kachipinda kamodzi.

M'menemo, atapanikizana mphuno ndi mphuno, maso a anzake aja anagwera pa buluku la mlamu wake wa Wailesi. Iye anakana, anapempha, anatchula ana ndi mkazi. Mapulani anavula tayi, n'kumumangirira belu m'chiuno kuti lilendewere pakati pa ntchafu, n'kukweza buluku. Kunja sikunkaoneka kanthu, zoonadi. Kungoti poyenda Wailesi ankatangadza miyendo ngati mwana amene wadziipitsira, ndipo chitsulocho chinkamugunda m'mawondo pa phazi lililonse.

Komabe njira inali yoyera. Geti linali lotsegula, mlonda akuonera ovina, msewu uli apo. Wailesi anayamba kuthokoza mumtima kuti mwana wake sanamuone, ndipo analumbira kuti akatuluka pano mowa wa botolo lachitatu wausiya. Anali atatsala pang'ono kufika pa geti pamene mphepo inabweretsa fungo la nkhuku yokazinga kuchokera ku tenti yodyera. Dramu anaima. Anati iye wavula sokosi, wagogodedwa pa mimba, wanyozedwa pa sikelo, ndipo sachoka pano ndi njala. Wailesi anayang'ana kwa Mapulani kuti amudzudzule, koma mphuno ya Mapulani nayo inali itatembenuka kale.

"Taganiza bwino, aise," anatero Mapulani. "Munthu wophunzira amachoka pa phwando asanadye? Tikatuluka pano atikayikira. Kudya ndi mbali ya pulani."

Pa khomo la tenti yodyera panali mzere wautali wa pa ndowa, chifukwa anthu a zaumoyo sasamba m'manja ngati ife tonse. Amatsuka chala chilichonse pachokha ngati chili ndi mlandu, kenako zikhadabo, kenako kuseri, uku akucheza. Mapulani anayang'ana mzerewo, anayang'ana mapoto, n'kuona kuti akadikira apeza makosi ndi zipalapasiro zokhazokha. Anazungulira kuseri kwa ndowa, anzake pambuyo, n'kukhala oyamba pa mpunga. Anadya ndi manja onse awiri, kunyambita zala, kupukuta thukuta pamphumi, kukanda m'khosi. Wailesi anadya chiimirire atayang'ana ku nsalu ya tenti, akutukula masiki ndi zala pa nthongo iliyonse. Chakudya chinali chokoma, koma kwa iye chinkangodutsa.

Pomwe ankati tsopano tizipita, ophunzira olandira alendo anali atagwirana manja kukusira anthu onse muholo. Anayesa kunena kuti ali ndi msonkhano wa udzudzu, koma Apulofesa anatulukira, n'kuwakola mikono, kudabwa kuti linunda lapita kuti. Anawakhazika pa mzere wa kumbuyo, zitseko n'kutsekedwa. Wailesi anakhala pa nsonga ya mpando, miyendo ili tang'a, osayerekeza kutsokomola.

Mkulu wa sukulu anayankhula nthawi yaitali za zitsime zimene zakumbidwa, miliri imene yagonjetsedwa, ndi ana amene akula chifukwa cha katemera. Pomaliza anapempha kuti amene wasuntha belu pakhonde alibweze, poti likufunika podula keke. Kenako anaitana wophunzira amene anasankhidwa kuyankhula m'malo mwa anzake. Mtsikana wa diresi loyera anakwera pa nsanja, n'kugwira chimkuzamawu ngati anabadwa nacho. Wailesi mantha anali nawo, koma chimwemwe chinawaposa, misozi n'kulengeza m'maso. Anagunda ndi chigongono mayi amene anakhala naye pafupi, n'kumunong'oneza kuti mwana ameneyu ali ndi mutu, ndipo ayenera kuti anatengera bambo ake.

Mtsikanayo anati matenda ambiri sayenda ndi miyendo, amayenda ndi manja athu, ndipo lero aliyense adzionera yekha. Anaulula kuti m'mawa anapaka belu lija ufa wosaoneka ndi maso, wosavulaza, umene umakakamira pa khungu monga amachitira majeremusi. Ufawo umachoka ndi sopo basi, ndipo umawala ukaunikidwa ndi nyali yapadera. Aliyense amene analiza belu anautenga, ndipo tsopano aona amene anasamba bwino asanadye. Holo yonse inachita phokoso, anthu akubisa manja m'khwapa uku akuseka. Pa mzere wa kumbuyo panali anthu atatu amene sanaseke.

Makatani anatsekedwa, magetsi n'kuzimitsidwa. Mtsikanayo anatsika ndi nyali yaitali yowala mwa buluu, n'kuyamba kuyenda mzere ndi mzere. Ambiri anali ndi timadontho chabe, wina pansi pa mphete, wina m'mbali mwa chikhadabo. Namwino wamkulu anali woyera psiti, ndipo anaonetsa manja ake mbali zonse kuti pasakhale wokayika. Mlendo wolemekezeka anapezeka ndi kadontho m'mphuno, anthu n'kugwa nako kuseka, iyenso n'kuseka nawo poti panalibe chochita. Nyali inkayandikira kumbuyo pang'onopang'ono. Wailesi anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, mpaka la pa chakudya.

Kuwala kutafika pa mzere womaliza, holo inati zii. Panali anthu atatu owala mbee kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Dramu ankawala pa mimba ponse, milomo ndi masaya. Mapulani ankawala pamphumi, m'makutu, pa magalasi, ndipo atatembenuka kuti abisale, anthu anaona kumsana kwa jekete lake kukuwala koposa. Wailesi ndiye masiki yake inali yodzaza zidindo za zala, ndipo buluku lake, kuyambira pa lamba kutsika, linkawala mwa njira imene inachititsa amayi ena kuyang'ana kumbali. Kuseka kunaphulika mpaka malata kunjenjemera.

Mtsikanayo, akudziletsa kuseka, anati abambo awa atithandiza kwambiri, chifukwa aonetsa kuti masiki yogwiragwira ndi manja akuda ilibe ntchito. Anapempha mwaulemu kuti aivule anthu aione bwino. Wailesi anapukusa mutu. Anapemphanso, iye n'kupukusabe. Mayi wa pafupi uja, pofuna kuthandiza, anangoikoka, chipewa n'kugwera limodzi.

Mtsikanayo anayandikiza nyali. Anayang'anitsitsa, kenako nkhope yake yonse inamasuka.

"Bambo," anatero. "Mwabwera?"

Anatembenukira kwa anthu, atadzazidwa ndi chimwemwe, n'kuwauza kuti awa ndi bambo ake omubereka. Anati m'mawa anamuuza kuti sabwera, osadziwa kuti akufuna kumudzidzimutsa. Anati ndi munthu wa zitsulo zakale, amene wamuphunzitsa ndi thukuta lake kuyambira kalasi yoyamba, ndipo ngati akuwala chonchi ndiye kuti belu la sukulu ya mwana wawo analikumbatira ndi mtima wonse. Anthu anaomba m'manja, ena akupukuta misozi. Kenako anawagwira dzanja bambo akewo kuti akwere naye pa nsanja, akhale oyamba kuonetsa kasambidwe koyenera.

Wailesi anaimirira chifukwa dzanja la mwana wake silikanakanika. Mapazi oyamba anayenda bwino, atatangadza monga kale, anthu n'kumaganiza kuti ndi nyamakazi. Koma kukhala kuja kunali kutasuntha sokosi ya Dramu. Pakati pa holo anaimva ikutsetsereka ndi mwendo, n'kutulukira pa kakolo. Phazi lotsatira linati ngwe. Anaima, belu n'kukhala chete. Anayesa kuyenda chokwawa, linati ngwe ngwe. Anthu anayamba kuyang'ana uku ndi uku kufuna kumene kukuchokera kulirako, ndipo Wailesi nayenso anayang'ana kudenga kuti athandize kufufuza. Pa masitepe a nsanja tayi ya Mapulani inamasuka. Belu linatsikira m'mwendo wa buluku, linakakamira pa bondo, msoko n'kung'ambika, ndipo linagubuduka pa matabwa likulira mpaka pa mapazi a mkulu wa sukulu.

Wina anayatsa magetsi. Kenako Apulofesa anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja, akunena kuti sewero lokoma chonchi sanalionepo m'zaka zonse za sukuluyi. Holo yonse inawatsatira. Mkulu wa sukulu, akupukuta misozi ya kuseka, anatenga chimkuzamawu n'kunena kuti ophunzira a masiku ano ndi anzeru: aonetsa kuti gwero la matenda limabisala pamene sitiyembekezera. Anapempha ochita sewero onse atatu kuti abwere kutsogolo alandire ulemu wawo. Wailesi anaona kuti mwina apulumuka. Anayang'ana mwana wake, yekhayo muholo monse amene ankadziwa kuti panalibe sewero, ndipo mwanayo sankaseka. Koma sanawaulule, ndipo zikanathera pomwepo.

Mapulani anakwera pa nsanja akuweramira mbali zonse, atakhulupirira kale kuti zonsezi anazikonza ndi iye. Anatola belu kuti alikweze m'mwamba anthu ajambule. Polikweza anaona m'kati mwake, mmene munalibenso sokosi, ndipo munali dzimbiri lobiriwira lija limene mbava iliyonse imalidziwa. Anakanda ndi chikhadabo. Ananunkhiza. Anaiwala kumene ali, anaiwalanso kuti chimkuzamawu chili pafupi ndi pakamwa pake.

"Aise, uwu ndi mkuwa," anatero, mawu akumveka mpaka ku geti. "Unati golide iwe. Ine kulowetsa mutu m'chimbudzi, kubereka chitsulo kumsana, tsiku lonse kuvutikira kuba mkuwa?"

Anthu ena anasekabe, poganiza kuti sewero likupitirira. Koma Dramu, ali pa masitepe, anawonjeza modandaula kuti iye ananena kale kuti angoba mipando ya pulasitiki ngati ulendo watha uja ku tchalitchi, koma samumvera. Mayi wina kutsogolo anaimirira n'kufunsa kuti tchalitchi chake chiti. Kuseka kunazima mzere ndi mzere. Mapulani anayesa kuthawira pa zenera, n'kukodwa mu katani. Dramu sanathawe n'komwe. Namwino wamkulu anali atamugwira kale pa mkono, akunena kuti ankadziwa kuti si mpweya. Alonda anafika, n'kuwakhazika pansi awiriwo kudikira apolisi.

Mlonda wina atagwira phewa la Wailesi, mtsikanayo anamupempha kuti adikire pang'ono, phunziro silinathe. Anakoka beseni ndi sopo zimene anakonzeratu, n'kuika manja a bambo ake m'madzi. Anawatsuka yekha pamaso pa anthu onse, zikhato, kuseri, pakati pa zala, chala chachikulu, zikhadabo, uku akufotokoza chilichonse ndi mawu osagwedera. Ankakhula mwamphamvu kuposa mmene sopo amafunira. Wailesi ankangoyang'ana pamutu pa mwana wake, manyazi atamugwira moti akanakonda kumenyedwa ndi khamu lonselo. Atamaliza, mtsikanayo anasuntha chimkuzamawu kuti ena asamve.

"Bambo, ndiyankheni chimodzi chokha," anatero, osakweza maso. "Nsapato ndavalazi, nazonso?"

Wailesi anayang'ana pansi. Zinali nsapato zakuda za kachidendene kakafupi, zopukutidwa bwino, ndipo ankakumbukira bwinobwino khonde la eni ake pamene anazitola.

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'ono. Anawerama, anavula nsapato imodzi, kenako inayo, n'kuziika bwinobwino m'manja onyowa a bambo ake. Alonda anamutsitsa pa nsanja atazikumbatira pa chifuwa, buluku likukupiza pamene linang'ambika. Ali pa khomo anacheuka. Mwana wake anali atabwerera pa chimkuzamawu, chiimirire pa matabwa ndi mapazi opanda kanthu, akuuza alendo kuti tsopano akambe za madzi akumwa.